Ng'ombe Zopanda Linunda

Agogo anga aamuna sadziwa chaka chimene anabadwa. Pachiphaso chawo cha unzika analembapo 1936, koma eni akewo amati chakacho mnyamata wolembera uja anangochitola m'mutu ataona imvi. Chimene amayi awo anawauza n'chakuti anabadwa dzombe litagwa, m'zaka zija za m'ma 1930 pamene linkabwera chimtambo n'kusiya m'minda muli ziputu zokhazokha. Tsiku la ukwati wawo analiiwala kalekale. Ife zidzukulu amatisinthanitsa mayina, mwina mpaka kukuitana dzina la munthu amene anamwalira iwe usanabadwe. Koma muwafunse za ng'ombe zimene ankaweta ali ndi zaka 10, akutchulirani imodziimodzi: mawanga ake, kapindikidwe ka nyanga, make anali uti, inali ndi mtima wotani, ndiponso inatha bwanji.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kwenikweni, kufupi ndi Lizulu, kumene msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe umadutsa m'malire: ukatsika basi dzanja ili uli m'Malawi, ukaoloka phula uli ku Mozambique. Ine ndili ku Cumbria, kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Tsiku lonse ndimakhala pagalimoto, kuchoka khomo ili kupita khomo ilo, m'timisewu topanikizika pakati pa mipanda ya miyala. Kuseri kwa mipandayo kuli nkhosa ndi ng'ombe zochuluka kuposa zimene maso anga anaonapo chibadwire. Lamlungu madzulo msuweni wanga amapita kwa agogo ndi foni yake n'kuwagwirizira kukhutu, chifukwa maso anayamba kale kuchita nkhungu ndipo manja amanjenjemera.

Za kuzizira kwa kuno, za ndege, kapena za ndalama zimene ndimalandira, sanandifunsepo.

"Akazi anga," amayamba choncho, monga achitira agogo aamuna ndi mdzukulu wamkazi, "ng'ombe zakwanuko zagona bwanji?"

Nditangofika kumene ndinawafotokozera za ng'ombe zamkaka za mtundu wa Holstein, zamawanga akuda ndi oyera, zazikulu moti imodzi ingalemere ngati ziwiri zakwathu.

"Linunda lake n'lotani?"

"Zilibe linunda, agogo. Msana wake ndi wongoti see kuyambira pakhosi mpaka kumchira."

"Nanga goli limatsamira pati?"

"Sizikoka ngolo kapena pulawo. Zonsezo amachita ndi thalakitala."

"Nyanga?"

"Zambiri amaziotcha zikadali mathole kuti zisamere."

Anakhala kaye chete. "Amaziweta ndani?"

"Palibe, agogo, mpanda basi. Iliyonse ili ndi nambala pakapulasitiki kachikasu m'makutu onse awiri, ndiponso ili ndi pasipoti yakeyake yaboma."

Ndinafuna kuwafotokozera kuti lamulo limeneli linabwera m'ma 1990 chifukwa cha matenda aja ankapengetsa ng'ombe, koma anali atayamba kale kuseka mpaka kutsokomola. "Ng'ombe kukhala ndi pasipoti, mbusa ilibe! Ine ndakalamba chonchi pasipoti sindidaigwirepo."

Khola limene agogo anakuliramo silinali la bambo awo. Bambowo anali ku Joni, kumigodi, kumene anapita ndi Wenela. Ankabwera ndi bulangete ndi sutikesi yachitsulo, kukhala miyezi ingapo, n'kubwereranso. Ng'ombe zinali m'manja mwa amalume awo, munthu amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la asilikali la KAR n'kukafika mpaka ku Burma. Nkhondo itatha mu 1945, ndalama zimene anabwera nazo sanagulire njinga monga anzawo. Anagula nkhunzi yofiira ya linunda lopendekeka n'kuitcha Sajeni. Kholalo linali pakati pa mudzi, lamitengo yozika, ndipo munkagona ng'ombe za mabanja angapo. Madzulo amuna ankakhala pachipata chake, timilandu ting'onoting'ono tinkathera pomwepo, ndipo munthu wamkazi sankapondamo.

Mwana wamwamuna ankayamba ndi mbuzi mano a mkaka asanaguluke. Kenako ankapatsidwa mathole, amene ankadyera pafupi ndi mudzi kuti asamalize mkaka kwa amawo. Ng'ombe zazikulu zinali za anyamata amene achoka kale m'nyumba ya amayi awo n'kumakagona kumphala, ndipo kumeneko kunali boma lakelake. Mkulu wa abusa sankaikidwa ndi mfumu. Ankadziwika ndi ndodo. Anyamata awiri ankaima kudambo, aliyense ndodo ziwiri, ina yomenyera ina yotchingira, ndipo wogonja ndiye ankathamangira ng'ombe zikalowera kuminda, wopambana ali gone pamthunzi. Agogo ali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere. Ndili mwana anandiuza kuti inali nyanga ya Sajeni. Nditakula anandiuza kuti anali mnyamata wina wa kutsidya, wamfupi kuposa iwo.

M'mawa sankatsegula khola mame asanaume, makamaka mvula ikangoyamba, chifukwa msipu wanthete wonyowa umatupitsa ng'ombe mimba. Ankayamba akama. Ng'ombe yakwathu ndi youmira: siitulutsa mkaka thole lake lisali pafupi. Ndiye ankalola thole kuyamwa pang'ono, n'kulikoka, wina kuligwira kutsogolo kwa make kuti azilinyambita, wokama atanyonyomala ndi chikho pakati pa mawondo. Mkaka wake unali wochepa koma wamafuta, ndipo wotsala ankauika mumphika kuti ugone, ukhale chambiko chodyera nsima.

Kudambo sankanyamula kamba. Chakudya ankachipezera komweko, nyengo iliyonse ndi zake. Mvula ikayandikira kunali masuku, ongotola pansi m'mawa anyani asanafike. Ikagwa kunali ngumbi, bowa ndi nkhululu. M'masika, chimanga chachiwisi ndi mbatata za m'munda mwa eni, zootcha m'kang'anjo ka zibuma kamene ankakasonkhera moto mpaka kufiira n'kukagumulira pamwamba pa mbatatazo. Anthu akakolola n'kutayirira ziweto m'mapesi ntchito inkapepuka, ndiye inali nthawi ya mbewa, maliwa ndi ulimbo. Njala ikawapana ankagwira mbuzi yoyamwitsa n'kudzikamira m'kamwa, koma wofika kumudzi milomo ili mbuu ankaonana ndi chikoti cha amalume. Pamthunzi ankaumba ng'ombe zadothi, linunda lalikulu kuposa mutu, nyanga za minga ya mthethe, n'kumazigundanitsa mpaka ina iduke khosi. Zenizeni nazo ankazigundanitsa. Abusa a midzi iwiri akakumana pomwetsa ankasonkhezera nkhunzi zawo ndi malikhweru ndi mayina otamanda, ndipo Sajeni akapalasa pansi n'kuweramitsa mutu sanathawepo nkhunzi ya mudzi wina uliwonse. Umu ndi mmene amanenera agogo. Mboni zonse zinamwalira.

Ng'ombe za m'kholamo zinkalidziwa likhweru lawo, moti akaliimba ali paphiri zinkatukula mitu kudambo. Ndinawapempha kuti andiimbire pafoni ndilijambule. "Lidapita ndi mano," anatero.

Imene amaikamba mawu atatsika ndi Nkhanga, mkota wotuwa wa timadontho toyera. Inali yaukali, yosafuna munthu kumbuyo kwake, ndipo inathyolapo nthiti mkulu wina amene anaiyandikira atamwa. Agogo okha ndiwo inkawalola kuikama, mwina chifukwa ndi amene ankaichotsa nkhupakupa m'makutu ndi pansi pa mchira, malo amene ng'ombe siingathe kudzikanda. Chaka china thole lake linafa lili ndi masabata ochepa, litatupa m'munsi mwa makutu, thovu lili m'mphuno. Nkhanga inalira usiku wonse, kutacha n'kukaniza mkaka. Pofika mkuja bere linali gwa, lotentha, ndipo amalume anaopa kuti liwonongeka. Anatenga chikopa cha thole lija, chimene anali atachikhomera pansi kuti chiume, anachisoka, anachiphatikira udzu mkati, anachiimika patimitengo tinayi, n'kuchiwaza madzi a mchere. Agogo ndiwo anachinyamula kukachiika kutsogolo kwa Nkhanga. Inanunkhiza, inabwerera m'mbuyo, inanunkhizanso, kenako inayamba kunyambita. Mkaka unatsika.

"Idadziwa," amatero agogo. "Musamayese ng'ombe chitsiru. Idadziwa kuti mwana wake adafa. Inkangofuna poti inyambitepo."

Usiku unali wa afisi. Ankabwera mwezi ukalowa mumdima, kulunjika khola la mbuzi, agalu atabisala pansi pa nkhokwe, ndipo anyamata a kumphala ankatuluka ndi zikuni zamoto akukuwa kuti mantha awo omwe asamveke. Nyalugwe anafika kamodzi kokha, ndipo anatenga galu, mbuzi n'kuzisiya. Malire a mayiko ng'ombe sizinkawadziwa, abusa nawonso sankawalabadira: msipu ukatha mbali ino ankaolotsa ku Angonia, mbali ya Mozambique, kwa Angoni anzawo a mifunda yomweyo, kungosamala kuti asakumane ndi asilikali a Chipwitikizi.

Boma la atsamunda agogo anayamba kulidziwira kudibi. Tsiku lake ng'ombe za midzi yonse zinkasonkhana kusanache, fumbi lili koboo, n'kumalowa imodziimodzi mumpita wopanikiza mpaka kudumphira m'dziwe la simenti la madzi a mankhwala onunkha, kusambira mutu wokha uli pamwamba. Kalaliki ankakhala pampando ndi buku lake, akuwerenga. Akuluakulu bukulo sankalikonda. Wowerenga ng'ombe zako lero, ankatero, mawa akuuza kuti zachuluka. Anali asanaiwale za 1896, pamene azungu anapha Inkosi Gomani woyamba n'kukusa ng'ombe za Angoni. Ndiye ena ankabisa ziwiri zitatu kutsidya kwa malire, ndipo zobisidwazo n'zimene zinkabwezera nkhupakupa m'khola monse.

Chaka cha 1949 agogo amachikamba mosiyana ndi mmene amachikambira anthu a ku Blantyre. Mvula ya kumapeto kwa 1948 inayamba bwino, anthu n'kubzala, kenako inadula mmera uli m'mawondo, ndipo kumunsi, cha ku Lunzu, ku Lirangwe mpaka m'mbali mwa Shire, chimanga chinapserera chili chiimire. Kumtunda kwathu njala inafika koma siinalowe m'nyumba iliyonse: kunali madimba, kunali mbatata, ndipo ku Angonia nkhokwe zinali ndi kanthu. Ndiye anthu ankakwera mapiri wapansi kudzasuma, atanyamula chilichonse chosinthitsa: makasu, nsalu, mbale, ziweto. Mbuzi yathunthu inkapita ndi dengu limodzi la chimanga chosatonola. Khola la mbuzi la amalume linadzaza chaka chimenecho mpaka anamanga lina, ndipo agogo akafika pamenepa sanyadira, sapepesanso, amangonena. Pa mbuzi zimenezo panali ina yoyera, ya bambo wina amene anafika miyendo itatupa. Mwini wake atasenza dengu n'kutembenuka, mbuziyo inadula chingwe n'kumulondola, ndipo agogo ndiwo anatumidwa kukaibweza. Anawapeza pamtsinje, bamboyo atakhala pamwala, mbuzi itaima pambali pake. Panalibe kukangana. Bamboyo anaimanga yekha chingwe m'khosi, anapereka nsonga yake kwa mwanayo, n'kumuuza kuti masiku oyamba isamadye pamodzi ndi zinzake chifukwa ndi yamantha. Miyezi yambiri pambuyo pake, akangoimasula, inkalunjika njira yotsikira kumunsi.

Sajeni anachoka mu 1953. Nthawi imeneyo boma linali litalimbitsa malamulo a malimidwe: nthumbira zimene makolo ankabzalapo zinaletsedwa, aliyense alime mizere yopingasa phiri ndipo akumbe milambala, wolephera kumulipiritsa kapena kumutsekera. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili pakhomo, Inkosi Philip Gomani II inauza anthu ake kuti asiye kumvera malamulo amenewa. Boma linaichotsa pampando n'kufuna kuisamutsa. Apolisi atafika ku Lizulu anthu anatchinga, inkosi inathawira ku Angonia pamodzi ndi m'busa wachingelezi Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Amalume a agogo, munthu woti anavalapo yunifolomu ya Mfumu George, anamvera inkosi yawo: milambala sanakumbe, kudibi anasiya kupita. Chindapusa chitabwera, pamodzi ndi msonkho umene unatsalira, m'nyumba munalibe ndalama, ndipo ng'ombe imene wogula anailoza inali Sajeni.

Agogo ndiwo anamuperekeza mpaka kuboma ku Ntcheu, ulendo wogona panjira. Chingwe sanamumange. Ankangotsogola akuimba likhweru lija ankamuitanira kumsipu, iye n'kumatsatira. Pobwerera anayenda okha, ndalama zili pamfundo ya nsalu m'chiuno.

Chodabwitsa n'chakuti lero m'mudzi monse mulibe wokonda mizere yopingasa kuposa agogo. Akamva kuti wina walima motsetsereka amamutumizira mawu. Nditawafunsa kuti nanga Sajeni anafera chiyani, anati: "Mzere udalibe mlandu. Mlandu udali ndi chikoti chomwe chidabwera nawo."

Ndisanamize anthu kuti unali moyo wa chambiko ndi likhweru zokhazokha. Kumishoni ku Mlanda sukulu inalipo, koma agogo anangolowako miyezi yowerengeka. Ng'ombe sizidziwa Lolemba kapena Lachisanu. Mpaka lero amasaina ndi chala. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, udzu wa kumtunda kuja utayera ndi chisanu, ankatuluka ndi kansalu kamodzi, mapazi ali ming'alu yokhayokha, ndipo pofuna kuwafunditsa ankaponda ndowe zimene ng'ombe yangotaya kumene. Malemu agogo aakazi, amene anakulira mudzi woyandikana nawo, akamva nkhanizi ankangoti, "Ng'ombe zake ziti? Ife tinkazionera pampanda." Ubwana wawo unali wa mtondo, mtsuko ndi nsanja ya m'munda wa mawere, pamene ankakhala kuyambira m'bandakucha akuingitsa mbalame. Ziweto zawo zinali nkhuku ndi nkhunda, ndipo ankadziwa thadzi limene lingalimbane ndi mphamba ndi limene lingathawe kusiya anapiye poyera. Chitopa chikalowa m'mudzi nthawi yotentha n'kusesa makola, ankalira okha; kwa amuna nkhuku siinali chuma choti n'kuchikambira pachipata.

Ine khola limenelo sindinalione. Ndinakulira ku Ndirande, ndipo pomwe ndinkayamba kupita kumudzi patchuthi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamalopo panali patangotsala bwalo la nthaka yakuda bii, pamene maungu ndi bonongwe zinkadzimerera zokha, zonenepa kuposa pena paliponse. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'ma 1980, othawa nkhondo anadzaza midzi ya m'malire ya Ntcheu ndi Dedza, ndipo dziko lonse linafika posunga oposa 1 miliyoni. Mitengo inatha. Mfuti zitachuluka, akuba ankatsegula khola usiku mwini wake akumva, osayerekeza kutuluka. Madibi ambiri anauma. Madambo amene Sajeni ankamenyerako anzake anasanduka madimba a kabichi, tomato ndi kachewere, zimene mumaziona zitaunjikidwa pamsika wa Lizulu. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, abusa omwe analowa m'kalasi. Sindiona woti n'kumuloza chala: pa kalembera wa 1945 dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 2 miliyoni, pa wa 2018 tinali 17.5 miliyoni, pamene dambo ndi lomwe lija. Ng'ombe zomaliza agogo anazigulitsa okha akuba asanazipeze, ndalama zake n'kuphunzitsira amayi anga uphunzitsi. Ulendo wanga wobwera kuno, tikautsata bwinobwino, unayambira m'khola lomwelo.

Ndiye chimene chimandidya mumtima kuno n'chovuta kuchifotokoza ngakhale kwa Amalawi anzanga tikakumana. Iwo amasowa chambo, amasowa dzuwa, amasowa amayi awo. Inenso zimenezo ndimazisowa, makamaka mu Novembala, pamene kuno kumada 4 koloko madzulo, ng'ombe zonse zitatsekeredwa m'zinyumba zazitsulo mpaka chisanu chidzathe, minda ili zii, ine ndikudziwa kuti kwathu mvula yoyamba yagwa ndipo ana akutola masuku. Koma pamwamba pa zimenezo ndimasowa mudzi umene sindinaupondemo, wa m'ma 1940, umene ndinangoumva pakhonde. Tikiti ya ndege ingandifikitse ku Lizulu, koma kumeneko ayi. Ndipo agogo, amene sanasamukepo, amene nyumba yawo ili pafupi ndi pamene panakwiriridwa mchombo wawo, akamakamba za mudzi umenewo amakamba ngati mtchona. Alimi a kuno akamamwaza ndowe m'minda anzanga apantchito amatseka mawindo a galimoto. Ine ndimatsitsa langa.

Mmodzi mwa okalamba amene ndimawasamalira ndi bambo a zaka za m'ma 90, amene moyo wawo wonse anaweta nkhosa m'mapiri a kuno. Chakudya cham'mawa amachiiwala atangomeza, ine amandifunsa dzina tsiku ndi tsiku, koma chisanu cha 1947 amachikumbukira chonse: mmene iwo ndi bambo awo ankayendera ndi ndodo zazitali akubaya m'milu ya chisanu, galu akununkhiza, kufukula nkhosa zimene zinakwiririka masiku ambiri, zina zikadali moyo zitadya ubweya wawo womwe. Nkhosa zawo zinali za mtundu wa Herdwick, zimene zimabadwa zakuda n'kumatuwa zikamakula. Pamwamba pa phiri palibe mpanda, koma gulu lililonse limadziwa dera lake, mwana kuphunzira malire kwa make, mibadwomibadwo, moti famu ikasintha mwini nkhosazo zimatsalira pomwepo. Mu 2001, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa m'dziko lino, ndipo Cumbria ndiyo inapsa koposa. Za bambowa zinaphedwa tsiku limodzi, zisakudwala, chifukwa zinayandikana ndi zodwala. Zimenezo iwo sakamba. Anandiuza ndi mwana wawo wamkazi m'khitchini.

Tsiku lina mu Epulo, nkhosa zikuswa, tikuyang'ana pawindo, anandifotokozera chochita mwana wa nkhosa akafa pamene wina wafedwa make. Umasenda wakufayo, chikopa chake n'kuveka wamasiyeyo, miyendo kuilowetsa m'mabowo, kenako n'kukamuika kwa nkhosa yofedwa ija. Ikanunkhiza kumchira n'kumva fungo la mwana wake, imamulola kuyamwa, ndipo pakapita masiku awiri atatu chikopacho umachotsa. Ndinawauza za Nkhanga, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto, zimene sachitachita. Funso lawo linali limodzi lokha: mcherewo unali wochuluka bwanji?

Lamlungu lake ndinawauza agogo. Ulendo uno sanaseke.

"Ati chikopacho amaveka wamoyo?"

"Eya, agogo."

"Ife tinkaveka udzu. Pamenepo adatiposa nzeru." Anakhala kaye chete. "Ndiye kuti abusa aliko. Mudandinamiza, akazi anga, mudati kulibe. Mukawauze kuti mnzawo wa ku Lizulu akupereka moni. Za mcherezo muwauze kuti ndi kadzanja kamodzi m'chikho cha madzi, osapitirira. Ukachuluka imatanganidwa ndi mcherewo, mwana n'kumuiwala."

Moniwo ndinakapereka. Anaulandira mwaulemu n'kuuiwala ndisanavule jekete, choncho ndimauperekanso nthawi iliyonse nkhani ya nkhosa ikabuka, ndipo nthawi iliyonse amakondwa.

Kuyambira pamenepo agogo anayamba kundiumiriza kuti ndigule ng'ombe. Malata ayi, sola ayi; ng'ombe yamsoti imodzi, yakwathu, kuti munthu wa kutali asamangotumiza ndalama zimene zimatha mwezi usanathe. Msuweni wanga, amene akanasenza mtolowo, anakana poyera. Izidya kuti? Aziweta ndani, ana onse ali kusukulu? Nanga usiku azigona ndani pakhomo pa khola? Msuweniyo ankanena zoona, koma agogo sindikanawamana zonse. Tinagwirizana za mbuzi ziwiri zazikazi, zapachingwe. Chingwecho anachidandaula kwa nthawi ndithu, amvekere chiweto chomangirira ndi mkaidi, koma mayina anazipatsa okha: ina Mtchona, ina Wotsala.

Mu Ogasiti Mtchona anadula chingwe n'kukalowa m'dimba la munthu wina kudambo, kumene anadya mizere iwiri ya mbande za kabichi zongookedwa kumene. Nkhani inapita kwa anyakwawa. Agogo, amene kutchalitchi anasiya kupita chifukwa cha mawondo, anavala jekete, anakwezedwa pa kabaza, n'kukadziyankhira okha. Anauza bwalo kuti dambolo linali msipu bambo a mwini dimbayo asanabadwe, kuti m'chilimwe chiweto chimayenda momasuka ndipo wolima dimba ndiye amamanga mpanda, ndipo anatchula mayina a ng'ombe zimene zinkamwera pamalopo. Msuweni akuti anthu anaomba m'manja. Mlandu unawagwerabe, chifukwa lamulo la mudzi linasintha kale, ndipo chindapusa chinandipeza ine pafoni. Lamlungu limenelo mawu awo anali amphamvu kuposa mmene ndinawamvera chichokereni kwathu.

"Akazi anga, mwamva? Pakhomo pano pabweranso mlandu wa ziweto! Tumizani ndalamazo msanga, ndipo muwonjezereko ya tonde."